Mutu 7: Fulaye pa Bwalo la Besibolo

1. Ntchito kaye

Loweruka limenelo Misozi Gwanda anadzuka ntchito ikumudikira kale pa chitseko cha firiji. Amayi ake anali atailemba pa kapepala: kuchapa mayunifolomu awiri, kuwayanika m'nyumba chifukwa kunja kunali kamvula, kukolopa masitepe a fulati yonse poti sabata imeneyo inali yawo, kutsitsa zinyalala, kukagula anyezi ndi mkaka pa shopu ya pakona, kuviika nyemba za mawa. Pansi penipeni panali mawu awiri: "Mpira pambuyo."

Misozi anazigwira zonse ngati wothamangitsidwa. Pofika naini koloko masitepe anali mbee kuyambira pamwamba mpaka pakhomo la pansi, nyemba zili m'madzi, iye atavala kale malaya a timu.

Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anabwera ku Glasgow miyezi isanu ndi itatu yapitayo kuchokera ku Chinamwali, ku Zomba, kudzakhala ndi amayi ake ku Maryhill. Miyezi yoyamba analibe mnzake ndi mmodzi yemwe. Ndiye tsiku lina akuyenda m'mbali mwa ngalande yaikulu ya m'deralo, mpira wa galu unagwera pa mapazi ake kuchokera kutsidya. Iye anautola n'kuubweza. Mpirawo unawoloka madzi onse n'kukalowa m'manja mwa mwini wake osagunda pansi.

Mwini galuyo anali Kochi Bryson, bambo wa imvi, mphunzitsi wa timu ya besibolo.

Masewerawo ndi otere. Matimu ndi awiri, anthu asanu ndi anayi mbali iliyonse. Wina amaponya mpira wolimba ngati mwala, wina amaumenya ndi chibonga n'kuthamanga kudutsa mabesi atatu, omwe ndi timitsamiro toyera toikidwa m'ngodya za bwalo. Akabwerera poyambira, chimenecho n'chigoli. Anthu atatu akatulutsidwa, matimu amasinthana. Matimu onse awiri akamenya, limenelo ndi gawo limodzi, ndipo magawo amakhala asanu ndi awiri.

Timu ya a Bryson inali ndi dzina lake la Chingerezi, koma Amalawi a kutchalitchi ankangoti Akakowa, chifukwa cha mbalame ya miyendo italiitali yomwe inali pachifuwa pa malaya awo. Kale inali timu yoopsa, yolemba osewera ntchito, ena ochokera kunja. Chaka chimenechi zinthu zinaterera. Masewero khumi ndi atatu, kugonja kokhakokha. Akatswiri onse anathawa mmodzimmodzi, mpaka kochi n'kumatola anthu m'mbali mwa ngalande.

Akuluakulu a ligi anali atanena poyera: timu yomaliza chaka osapambana ngakhale kamodzi imachotsedwa, bwalo lake n'kupatsidwa a mpira wamiyendo. Masewero omaliza anali a tsiku limenelo, ndi Ankhandwe a ku Shawlands.

2. Chenjezo la amayi

Mayi Fanny Gwanda anatuluka kuchipinda atavala za kuntchito. Ankagwira ku nyumba yosamalira okalamba, ndipo shifiti yawo inali ya teni mpaka thu koloko.

"Lero ndiye lero, amayi! Tikawadya Ankhandwe osasenda!" anatero Misozi uku akuzungulira tebulo.

"Timu yoluza kakhumi ndi katatu ikadya ndani? Tiyi wanga ali kuti?"

"Uyu. Mubwera kudzaonera eti?"

"Ndikaweruka ndidutsa ndi anti ako Yvonne. Koma tandiuza. Malamulo a masewerawa ukuwadziwa?"

"Kochi anandiuza."

"Sindinafunse ngati anakuuza. Ndafunsa ngati ukuwadziwa."

Misozi anayang'ana pansi. Amayi ake anaika kapu pa tebulo.

"Khala pansi, undimvere. Kwathu anatiphunzitsa kuti wamkulu akamalankhula uziyang'ana pansi, ukamuyankha uziti 'ndamva'. Ndi mwambo wabwino, sindikuunyoza. Inenso ndinabwera nawo kuno m'chikwama limodzi ndi zitenje. Sabata yanga yoyamba pa ntchito, sisitala anandiuza zambirimbiri za gogo wina wa chipinda cha kumapeto. Kulankhula kwake ngati akuthamangira basi. Ine mutu gwedegwede, kuvomera zonse. Mwa zomwe ananenazo munali zoti gogoyo sameza bwino, madzi ake amayenera kuthiridwa kaufa kena kuti akhale ngati phala. Ine zimenezo sindinazimve. Masana gogo akuti ludzu, ine ndi mtima wanga wabwino kapu ya madzi iyi. Misozi, munthu anatsamwa ndikumuona, maso kutuzuka, milomo kusintha mtundu. Anamupulumutsa, Mulungu ndi wabwino. Koma atandiitana ku ofesi sanandifunse kuti bwanji sunamve. Anandifunsa kuti bwanji unavomera. Kuno, mwanangu, 'ndamva' si ulemu. Ndi siginecha. Ukavomera wasaina kuti ukudziwa, ndipo anthu amaika miyoyo yawo pa mawu akowo. Manyazi a kufunsa ndi a mphindi imodzi. Manyazi a kusafunsa ine ndikadali nawo mpaka lero."

"Ndamva, amayi."

"Waona? Wayambanso."

Onse awiri anaseka. Misozi anatola gulovu yake, chikopa chachikulu chowakhira mpira, n'kutsika masitepe awiriawiri.

3. Anthu asanu ndi anayi ndendende

Kamvula kanakata cha m'ma thwelofu. Pa bwalo panali anthu ambiri kuposa masiku onse. Ena anabwera kudzakuwira, ena kudzaona maliro a timu.

Angelina, mayi wa mapewa otambalala amene ankayendetsa basi mkati mwa sabata n'kumawakha mipira kumbuyo kwa womenya Loweruka, analandira Misozi ndi chikhato pamsana.

"Mizo! Wabwera ndi mkono uja kapena wausiya pa waya ndi zochapa?"

"Uli pompano, Anji. Lero ulira ndi chimwemwe."

"Ine ndinasiya kulira pa masewero achisanu. Misozi inatha, n'chifukwa chake tinakulemba iweyo."

Kochi Bryson anawasonkhanitsa, foni ili m'manja, nkhope itagwa. Mnyamata woima pa besi yachitatu anali atatumiza uthenga woti wasiya. Otsala anali asanu ndi anayi ndendende. Mmodzi kungochoka, masewero atha, Ankhandwe apambana osatuluka thukuta.

Masewero atatu omwe Misozi anasewerapo ankaima kumapeto kwa bwalo, kumene ntchito ndi kuwakha mpira n'kuubweza basi. Lero kochi anamuloza.

"Iwe uli ndi mkono. Upita pa besi yachitatu."

Kenako anayamba kufotokoza, mofulumira monga amalankhulira anthu a ku Glasgow, manja akuuluka uku ndi uku. Misozi anatolapo zitatu zokha: mpira, wothamanga, watuluka. Kochi anabwerezanso zizindikiro zake zachinsinsi, zija amauzira womenya chochita: kugwira chipewa, kupukuta pachifuwa, kukoka khutu.

"Zamveka?"

Misozi anayang'ana pansi. Mawu a amayi ake anali akadali otentha m'makutu, koma anthu asanu ndi atatu anali kumuyang'ana, ndipo kochi anali wamkulu woposa bambo ake omubereka.

"Ndamva, Kochi."

4. "Wafa!"

Chodabwitsa n'chakuti Akakowa anayamba bwino. Gawo lachiwiri Angelina anamenya mpira womwe unakagwera kuseri kwa mpanda, anthu awiri n'kulowa naye limodzi. Zigoli zitatu! Anthu anaimirira pa mabenchi, ana kumenya zitini. Ankhandwe anabweza ziwiri, koma pofika gawo lachisanu Akakowa anali akutsogolabe, zitatu kwa ziwiri.

Nthawi imeneyo ndi imene Mayi Gwanda anafika ndi Anti Yvonne, mnzawo wa kutchalitchi amene anali namwino. Anaima pa mpanda pafupi ndi besi yachitatu, majekete pamwamba pa mayunifolomu.

"Misozi wathu uyo! Atengereni, mwana wa ku Chinamwali!" anakuwa Anti Yvonne.

Ankhandwe anali ndi anthu awiri pa mabesi. Wa pa besi yachiwiri anali Keith, bambo wamtali wa ndevu zofiira. Womenya anagunda mpira wokwawa pansi, n'kulunjika kwa Misozi. Iye anauwakha bwinobwino. Pamene amadzutsa mutu, anaona Keith akubwera ali liwiro, mikono ikupalasa mphepo.

Tsono muyenera kudziwa kuti ku Chinamwali kunalibe mtsikana woposa Misozi pa fulaye. Pa masewero amenewo awiri amaima uku ndi uku, wina pakati, ndipo ntchito ndi kumulasa wapakatiyo ndi mpira wa majumbo. Ukamulasa, wafa. Misozi ankalasa ngakhale wodumpha, ngakhale wogona pansi. Mkono wake unaphunzira zimenezo zaka khumi.

Mpira, wothamanga, watuluka. Zinagwirizana bwinobwino.

Anakoka mkono n'kuponya ndi mphamvu zake zonse. Mpira unamupeza Keith m'nthiti, phuu!

"Wafa!" anakuwa Misozi uku akudumpha. "Wafa ameneyo!"

Pa mpanda nthungululu inalira. Mayi Gwanda ndi Anti Yvonne anali kuvina, zikwama zili m'mwamba, poti nawonso anakulira fulaye yemweyo.

Bwalo lonse linali zii.

Mpira uja unadumpha n'kugubuduzika kupita kutali kopanda munthu. Keith, atapindika, dzanja lili m'nthiti, anadutsa besi yachitatu n'kukafika poyambira. Mnzake anamutsatira. Zigoli ziwiri. Atangoponda poyambira Keith anagwada pansi, akupuma movutikira.

Nthungululu ija inazima pang'onopang'ono ngati wailesi yotha mabatire. Anti Yvonne anaponya chikwama, n'kuzungulira mpanda kuthamangira kwa wovulalayo.

Woyimbira masewero, bambo wina wojintcha dzina lake Jeff, anavula chotchinga kumaso n'kubwera kwa Misozi. Analankhula pang'onopang'ono.

"Mtsikana, mpira unakupulumuka, kapena unamugenda dala?"

"Dala," anayankha Misozi. "Ndinamulasa bwinobwino. Si watuluka?"

Angelina anagwira kumutu ndi manja onse awiri.

Ankhandwe anazungulira woyimbira, akukuwa kuti atulutse Misozi. Kochi Bryson analowa pakati, chipewa chili m'manja, akuchonderera kuti mwanayo ndi wachilendo, ndipo akatuluka timu yatha. A Jeff anakanda kumutu nthawi yaitali.

"Asewere," anatero pomaliza. "Sindikuona njiru pa nkhope yake. Koma ndilemba zomwe wanena, mawu ake momwe alili."

Keith anamutengera kuchipatala pa galimoto ya mnzake. Ankhandwe anali ndi wina wolowa m'malo mwake. Tsopano iwo ndi amene anali kutsogola, zinayi kwa zitatu.

5. Pa mpanda

Matimu atasinthana, Angelina anamufotokozera mwachidule, wosaseka. Wothamanga sagendedwa. Umamukhudza ndi mpira uli m'gulovu, kapena umaponyera mnzako woima pa besi. Mwana aliyense wa zaka zisanu ndi chimodzi amadziwa zimenezo.

Misozi anapita pa mpanda. Amayi ake anamuyang'ana kudzera mu waya.

"Nanenso ndavina, ndiye sindikukalipira kuti unagenda. Mkono wachita zomwe unaphunzira. Koma ine ndangofika kumene, palibe amene anandiuza malamulo. Iwe anakuuza, unavomera. Munthu uja wapita kuchipatala chifukwa cha 'ndamva' wako. Ali ndi ntchito yake, mwina ali ndi ana. Tsono usandilirire pano, kulira sikulumikiza nthiti. Masewero sanathe. Pali china chimene unavomera usanachimve?"

Misozi anagwira waya, maso ali pansi.

"Ndikufunsa."

"Chilipo."

"Ndiye ukudziwa chochita. Pukuta kumaso, anzako akukudikira."

6. Kuima chilili

Gawo lachisanu ndi chimodzi linadutsa popanda chigoli. Linafika lachisanu ndi chiwiri, lomaliza, Akakowa ndiwo omenya.

Woyamba anatulutsidwa. Wachiwiri anafika pa besi. Angelina anamenya mpira wamphamvu pakati pa bwalo, mnzake uja n'kuzungulira mpaka poyambira. Zinayi kwa zinayi! Zitini zinaliranso, anthu akupondaponda mabenchi. Wina anatulutsidwa, kukhala awiri. Kenako woponya wa Ankhandwe, amene anaponya yekha masana onse, anayamba kumwaza mipira. Anthu awiri anafika pa mabesi motsatizana.

Mabesi onse atatu anadzaza, Angelina ali pa yachitatu. Otuluka awiri. Mmodzi yekha wotsala.

Wotsatira pa mndandanda anali Misozi.

Anthu anabuula poyera. Wina wa ku Shawlands anakuwa kuti, "Bisalani, wabwera wa miyala uja!"

Misozi anatenga chibonga n'kuima pamalo pake. Anayang'ana kwa Kochi Bryson, amene anaima pambali pa besi yachitatu. Kochi anagwira chipewa, anapukuta pachifuwa, anakoka khutu kawiri.

Masewero onse am'mbuyo Misozi ankagwedeza mutu akaona zimenezi, kenako n'kumenya mpira uliwonse wobwera. Mutu wake unayamba kutsika wokha kuti uvomere. Anauimitsa.

Anakweza dzanja.

"Pepani, a woyimbira. Ndikufuna kufunsa kochi."

A Jeff anatambasula manja, masewero n'kuima. Misozi anayenda mtunda wonse wopita ku besi yachitatu, chibonga chikukwekwereza pansi, anthu mazana awiri akumuyang'ana. Ena anaseka. Ena anaimba mluzu.

"Kochi," anatero atafika, ndipo ulendo uno anawayang'ana kumaso. "Sindinamve. Chipewa, chifuwa, khutu, zonsezo sindizidziwa. Chiyambireni sindinazimvepo."

"Chiyambireni?"

"Chiyambireni."

"Nanga unkavomeranji?"

"Ndinu wamkulu. Kwathu wamkulu safunsidwa kawiri."

Kochi anawerama n'kulankhula motsitsa, liwu limodzilimodzi.

"Mwana iwe, masewero atatu ndakhala ndikukuuza kuti usamenye, iwe n'kumamenya mphepo. Ndimayesa makani, kani ndi ulemu! Nanenso ndalakwa, ndimalankhula ngati ndikugulitsa nsomba. Tsono tchera khutu. Zaka makumi awiri ndaphunzitsa masewerawa, ndipo wosewera amene ndimamuopa si wosadziwa ayi, ndi wosadziwa wovomera. Khutu kawiri ndiye kuti usamenye. Mnyamata uyo watopa, mkono wake walemera. Mpira wabwino ndi wodutsa pamwamba pa kathabwa koyera ka poyambira, pakati pa mawondo ako ndi chifuwa. Itatu yotero ikakudutsa, watuluka, timu yatha. Koma akaponya inayi yopita padera iwe osaimenya, amakupatsa besi yoyamba ulele. Mabesi ndi odzaza, ndiye aliyense amasunthira kutsogolo, Angelina n'kulowa. Tapambana."

"Basi? Kungoima?"

"Kungoima, n'kuona mpira womwe ndi wako ndi womwe si wako. Iwiri yabwino ikadutsa, wachitatu ukakhala wabwino umenye. Bwereza zomwe ndanena."

Misozi anabwereza zonse. Anaphonya pa mawondo, kochi anamukonza, anabwerezanso.

"Mizo!" anatero Angelina ali pa besi. "Ukandilowetsa, basi yanga uzikwera mpando wakutsogolo moyo wako wonse!"

Misozi anabwerera pamalo pake. Kuona mpira womwe ndi wako ndi womwe si wako? Imeneyo ndiye inali ntchito ya mtsikana wapakati pa fulaye. Mwana wa fulaye sayang'ana mpira. Amayang'ana phewa la woponya, chifukwa phewa limaulula mpira usanachoke m'manja.

Woyamba unabwera wotsika, n'kugunda fumbi. Wapadera.

Wachiwiri unadutsa pakati penipeni. Manja anamuyabwa, koma anausiya. Wabwino.

Wachitatu unakwera kupitirira mutu. Wachinayi unapita kunja. Yapadera itatu!

Tsopano panalibe wokhala pansi. Anti Yvonne, amene anali atabwerera pa mpanda, anali kupemphera mokweza m'Chichewa. Wachisanu unabwera mokhotakhota, n'kugwera m'mphepete mwa kathabwa.

"Wabwino!" anakuwa a Jeff.

Itatu yapadera, iwiri yabwino. Chaka chonse cha Akakowa chinatsalira pa mpira umodzi.

Woponya anapukuta thukuta. Anakweza mwendo. Misozi anaona phewa lija likutseguka msanga, chigongono chikutsika. Mpira uwu sunali wopita pa kathabwa. Unali wobwera kwa iye.

Anapinda msana chagada monga ankachitira pa fumbi la ku Chinamwali, mpira n'kudutsa fyuu, kutsala pang'ono kukhudza kakowa wa pa malaya.

"Wapadera! Wachinayi!"

Bwalo linaphulika. Zipewa m'mwamba, zitini, nthungululu, ulendo uno pa nthawi yake. Angelina anali kubwera ali liwiro, akukuwa ngati wapsa. Koma Misozi anali chiimire, chibonga chili m'manja. Anatembenukira kwa woyimbira.

"Pepani, tsopano ndichite chiyani? Ndiyende kapena ndithamange?"

"Chilichonse, mwana iwe!" anatero a Jeff, akulephera kubisa kuseka. "Koma ukaponde besiyo, apo ayi chigoli sichiwerengedwa!"

Misozi anaponya chibonga pansi n'kuliyatsa. Anaponda kamtsamiro koyera ndi mapazi onse awiri, n'kukhala pomwepo osasuntha mpaka anzake anafika n'kumunyamula. Zisanu kwa zinayi. Kochi Bryson anakhala pansi pa udzu wonyowa, akupukuta m'maso ndi chipewa chomwe chija.

7. Mtengo wake

Chimwemwe chinatha usiku umodzi ndi theka la tsiku. Lamlungu akutuluka m'tchalitchi, kochi anaimba foni, ndipo Misozi anawapempha kuti abwereze kawiri mpaka anamvetsa zonse.

Zomwe 'ndamva' mmodzi anawononga ndi izi. Keith anathyoka nthiti ziwiri. Ntchito yake inali yopenta nyumba, ndipo adokotala anamuletsa kukwera makwerero masabata asanu. A Jeff analemba lipoti lawo monga analonjezera, ndipo munali mawu akuti: "Wavomera yekha kuti anachita dala." Ankhandwe anakadandaula ku ligi kuti Misozi amayenera kutulutsidwa pomwepo, Akakowa n'kutsala asanu ndi atatu, kutanthauza kugonja. Akuluakulu a ligi anati akumana Lachinayi. Akagwirizana ndi dandaulo, chipambano chija chifufutidwa, timu ichotsedwa, bwalo lipita.

"Afunsa kaye wovulalayo," anatero kochi. "Akanena kuti inali njiru, tatha. Palibe wina amene angatipulumutse."

Lolemba masana Mayi Gwanda anasinthana shifiti ndi mnzawo. Anakwera basi ziwiri mpaka ku Shawlands, Misozi atanyamula thumba la malalanje. Anapeza nyumbayo, ya miyala yofiira, ya nsanjika zinayi, mabatani a mayina ali pambali pa chitseko.

"Sitinabwere kudzapempha timu," anatero amayi ake. "Tabwera kudzapepesa munthu amene unamuvulaza. Za timu akazitchula yekha, chabwino. Akapanda kutchula, pakamwa potseka. Ulankhula wekha, ine ndingoima kumbuyo."

Misozi anadina batani. Panapita kanthawi. Kenako pa kabokosi ka pakhoma panamveka mawu a mwamuna, othamanga, opuma modukiza. Misozi sanatolepo kanthu.

Anayang'ana amayi ake. Iwo anangopinda manja.

"Pepani, bambo," anatero Misozi atayandikira kabokosiko. "Sindinamve. Mubwerezenso pang'onopang'ono."

Kunamveka kutsokomola, ndi kubuula kwa munthu womva kuwawa.

"Ndati, ngati ndiwe mtsikana wa mkono uja, kwera. Nsanjika yachitatu. Koma dziwiratu, amene akufuna kuyamba kulankhula nawe si ine. Ndi mkazi wanga."

Chitseko chinalira, n'kutseguka.